Mafunso a Owerenga: Kodi Madzi a m'Suweji Angatiuze za Chimfine?

FUNSO: Mlongo wanga amene amakhala ku America anandiuza kuti kumeneko akuluakulu a zaumoyo amadziwa kuti nyengo ya chimfine yafika poyeza madzi a m'suweji. Zikundivuta kumvetsa, popeza chimfine ndi matenda a m'mphuno ndi m'chifuwa, osati a m'mimba. Kodi zimenezi n'zoona, nanga kuno kwathu zingatheke? Wowerenga, Zomba.

YANKHO: Mlongo wanuyo ananena zoona. Munthu akadwala chimfine amameza mamina ndi makhololo ambiri mosazindikira, ndipo tizilombo timene tili mmenemo timadutsa m'matumbo n'kutuluka iye akapita kuchimbudzi, pamene tina timalowa m'mipope akamasamba kapena kutsuka m'kamwa. Zonsezi zimakakumana kumalo oyeretserako suweji ya mzinda wonse. Kumeneko makina amatunga madziwo pang'onopang'ono kwa maola 24, kuti zotengedwazo ziimire tsiku lathunthu, kenaka ku labotale amawayeza ndi njira ya PCR, yomwe ija ankayezera COVID-19 potokosa m'mphuno. Chimene amapeza ndi tizidutswa ta chibadwa cha vairasi, ndipo kupezeka kwa tizidutswato sikutanthauza kuti kachilomboko kangathe kudwalitsa munthu.

Njirayi inayamba kale pa ntchito yosaka poliyo, koma inatchuka mu 2020, pamene akatswiri a bungwe lofufuza za madzi la KWR ku Netherlands anapeza kachilombo ka COVID-19 m'suweji ya mzinda wa Amersfoort achipatala asanalengeze wodwala aliyense kumeneko. Mu Seputembala chaka chomwecho bungwe loona za matenda la CDC ku America linakhazikitsa ndondomeko yoyeza suweji m'dziko lonse, ndipo pambuyo pake linawonjezerapo chimfine cha influenza A ndi RSV, kachilombo kamene kamabanikitsa kwambiri makanda ndi okalamba.

Ubwino wake waukulu wagona pakuti anthu ambiri akagwidwa ndi chimfine sapita kuchipatala. Amagula Panado pagolosale n'kugona, ndipo dzina lawo sililowa m'kaundula aliyense. Kuchimbudzi kokha palibe amene amajombako, kaya ali ndi ndalama yoyezetsera kaya alibe, kaya akumva kudwala kaya ayi. N'chifukwa chake tizilombo nthawi zambiri timayamba kuchuluka m'suweji masiku angapo odwala asanachuluke m'zipatala, ndipo masiku amenewo amapatsa achipatala mpata wokonza mabedi ndi okosijeni, komanso wokumbutsa anthu za katemera.

Komabe ndikuchenjezeni kuti musaikweze kwambiri njirayi. Suweji imangosonyeza ngati matenda akukwera kapena akutsika m'dera, koma singanene kuti odwala ndi angati, ndi ndani, kapena adwalika motani. Mvula ikagwa yambiri imasukulutsa madziwo, ndiye kachilombo kamaoneka ngati kachepa pamene sikanachepe. Pofuna kuthana ndi vutoli, akatswiri amayezanso kachilombo kena kamene kamagwira zomera za tsabola, kotchedwa PMMoV, kamene kamapezeka m'chimbudzi cha anthu ambiri chaka chonse chifukwa cha zakudya, ndipo kuchuluka kwake kumawathandiza kudziwa ngati madziwo asukuluka. Chinanso n'chakuti suweji sisiyanitsa za munthu ndi za chiweto. Mu 2024, chimfine cha mbalame cha H5N1 chitalowa m'ng'ombe zamkaka ku America, madera ena anaona influenza A m'suweji nyengo ya chimfine itadutsa, ndipo panafunika kufufuza ngati gwero lake silinali mkaka wotayidwa m'mipope.

Tikabwera kuno kwathu, chopinga n'chodziwikiratu: mabanja ambiri amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, ndipo ngakhale m'mizinda nyumba zolumikizidwa ku suweji n'zochepa zedi, kotero kuti kuyeza mipope yokha kungatiuze za anthu ochepa a m'mayadi. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre anazemba vutoli potunganso madzi m'mitsinje yodutsa m'madera okhala anthu ambiri, momwe zonyansa zimathera, ndipo anatha kutsata mmene COVID-19 inkakwerera ndi kutsika mumzindawo. Poliyo itapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, boma mothandizana ndi bungwe la WHO linayambanso kuyeza madzi a zonyansa m'mizinda ikuluikulu, kuphatikizapo kwanu ku Zomba. Ku South Africa bungwe loona za matenda opatsirana la NICD limayeza suweji ya m'mizinda yake kawirikawiri.

Choncho luso lotunga ndi kuyeza madziwa lilipo kale m'dziko muno. Kuti lithandize pa chimfine, chofunika n'chakuti madzi azitungidwa pamalo amodzimodzi sabata iliyonse kwa zaka zingapo, mvula ndi chilimwe chomwe, chifukwa popanda zotsatira za zaka zam'mbuyo zofanizira, palibe angadziwe ngati kukwera kwa mu Juni kuli kwa masiku onse kapena n'kodetsa nkhawa.