Tifunseni: Kugula silinda ya gasi yogwiritsidwa kale ntchito

Funso: Akonzi, munthu wina akugulitsa silinda yaing'ono ya gasi, ija timanyamula pokagona m'matenti kutchire. Akuti sinagwire ntchito kwambiri, ndipo penti yake ikuchita kuwala. Ndione chiyani ndisanapereke ndalama?

Yankho: Bambo, penti yowalayo ndiyo muyambe kuikayikira. Silinda yopakidwa penti pakhomo kawirikawiri imabisa dzimbiri kapena zipsera za moto, komanso penti yokhuthala imakwirira manambala amene muyenera kuwerenga.

Manambalawo amadindidwa pachitsulo penipeni, pa chogwirira chozungulira valavu kapena pa mkombero wapansi. Pamakhala mwezi ndi chaka chimene silinda inapangidwa kapena kuyesedwa komaliza. M'maiko ambiri silinda imayesedwanso pakatha zaka 10, kwina 12 kapena 15. Nthawiyo ikapitirira, odzaza gasi otsata malamulo amaikana, ndiye kuti mwangogula chitsulo. Ngati manambala afufutika, kapena zikuoneka kuti wina anapalapo, musavutike n'kunenerera mtengo.

Kenako, valavu ili yotseka, pendeketsani silindayo muone kunsi. Ambiri amangosisita m'mbali, chonsecho silinda imayamba kuwonongekera pansi, pomwe madzi amakhazikika pakati pa mkombero ndi thupi lake. Dzimbiri lapamwamba lochoka ndi burashi si vuto lalikulu. Loopsa ndi lija lakumba timaenje kapena likusendeka m'magawo mukakanda ndi kiyi, chifukwa chitsulo chapyapyala pamenepo. Pamene panagundika n'kulowa m'kati, makamaka pamzere wowotcherera, kutupa kulikonse, valavu yopindika, mazinga odyeka: chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kuti mubwerere ndi ndalama zanu m'thumba.

Ngati wogulitsa akuti muli gasi, musadalire kuikhutchumula. Pezani pamene palembedwa TW kapena Tare, kumene ndi kulemera kwa silinda yopanda kanthu, muiike pasikelo n'kuchotsera. TW ikakhala makilogalamu 5 ndipo sikelo ikuti 6.5, gasi ndi kilogalamu imodzi ndi theka. Gasi akapitirira mlingo wolembedwa, pamenepo ndiye poopsa: silinda imadzazidwa pafupifupi magawo 80 pa 100 okha, kuti gasi wamadziyo apeze pofufumira kukatentha.

Pomaliza, muli panja, pakani madzi a sopo pavalavu ndi pakhosi pomwe valavuyo yalowa. Thovu likamafufuma lokha, gasi akutuluka. Zoyesera machesi ayi ndithu.

Chinanso, si silinda iliyonse imene wogulitsa ali ndi ufulu woigulitsa. Ku Britain, mwachitsanzo, masilinda a kampani ya gasi ya Calor amakhalabe a kampaniyo ngakhale atakhala pakhomo pa munthu zaka zambiri. Pitani kaye kwa odzaza kapena osinthitsa gasi ndi chithunzi cha silindayo, muwafunse ngati angailandire. Kwa ife funso limeneli ndi lofunika kuposa mtengo.

Funso: Ndinagula silinda yakale, wogulitsa n'kundipatsa regyuleta (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi wotuluka m'silinda) ndi paipi yake ngati basela. Ndingazigwiritse ntchito?

Yankho: Mayi, paipiyo itayeni pokhapokha deti lolembedwa pamenepo likhale laposachedwa. Labala amauma n'kung'aluka ngakhale ali chikhalire m'kabati, ndipo ambiri amalangiza kusintha paipi pakatha zaka pafupifupi 5. Ipindeni ndi manja: mukaona timing'alu, yatha. Kalabala kozungulira ka pamlomo pa regyuleta nako kasintheni, chifukwa gasi amakonda kutulukira pamenepo.

Onetsetsaninso mtundu wa gasi. Pali butane ndi propane, ndipo mphamvu zawo n'zosiyana: pa kutentha kwa madigiri 20 Celsius, butane amakankha ndi mphamvu ya ma bar pafupifupi 2 (bar ndi muyeso wa kukankha kwa mpweya), pomwe propane amapitirira kuwirikiza katatu. N'chifukwa chake regyuleta iliyonse imalembedwa gasi wake, ndipo zambiri za butane zimatulutsa 28 mbar (mbar ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a bar), za propane 37 mbar. Silinda ya butane yokha, monga Campingaz 907 imene imalowa makilogalamu 2.75, musaidzazitse propane. Mlomo ukapanda kulowana, musakakamize ndi sipanala kapena kukulunga tepi. Mazinga a masilinda ambiri a propane amamangira kumanzere, ndipo anthu awonongapo mavalavu pokakamira kupotokolera kumanja.

Mukadzaona kuti moto wafooka m'mawa wozizira kwambiri, musathamangire kuimba mlandu regyuleta. Butane amaleka kusanduka mpweya kuzizira kukafika pafupi ndi madigiri 0, pomwe propane amapirira mpaka -42.

Funso: Nanga tizitini ta gasi tija ta magalamu 230 kapena 450, ndingagule totha kale n'kumadzaza ndekha? Ndaona kachipangizo kodzazira pa intaneti.

Yankho: Ayi achimwene. Tizitini timeneto n'ta chitsulo chopyapyala, tinapangidwa kuti tigwire ntchito kamodzi basi, ndipo kavalavu kake sikapirira kumanga ndi kumasula kosatha. Mukadzaza mopitiriza pang'ono pokha, n'kukasiya m'galimoto yoima padzuwa, pansi pake pamatukumuka ndipo kangathe kuphulika. Ngakhale kachitini kooneka ngati katheratu kamatsalira gasi m'kati, choncho musakaponye pamoto.