Akufuna kumanga nsanja ya nyali pomwe timayanika maukonde

Funso: Akonzi, akuluakulu a zamadoko akufuna kumanga nsanja ya nyali yotsogolera sitima pathanthwe pomwe timayanika maukonde. Analankhula ndi atsogoleri awiri okha. Kodi tingakane? — Msodzi wodandaula

Yankho: Bambo, nyaliyo ndi yofunika. Pangano la mayiko la SOLAS la 1974, loteteza miyoyo ya anthu oyenda panyanja, limapatsa maboma udindo woika zizindikiro zotsogolera sitima pomwe pali chiopsezo, ndipo inunso idzakuthandizani pobwerera kumtunda usiku. Koma zondipweteka n'zakuti sanakufunseni. Malangizo a 2012 a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, okhudza malo, usodzi ndi nkhalango amati ogwiritsa ntchito malo, ngakhale opanda chikalata, afunsidwe chiganizo chisanamangidwe.

Kukaniratu n'kovuta, chifukwa m'mayiko ambiri boma limatha kutenga malo pa ntchito yothandiza anthu onse, bola lipereke chipukutamisozi. Mphamvu yanu ili pokambirana. Pemphani msonkhano wa anthu onse, amayi oyanika nsomba asasiyidwe. Akuluakulu a zamadokowo abwere ndi mapu, akhome zikhomo pansi, muone ndi maso pomwe mpanda udzadutse. Funsani ngati njira yopita kumadzi idzatsekedwa, mitengo ingati idzadulidwa kuti kuwala kuoneke patali, komanso ngati malowo akubwerekedwa kapena akutengedwa mpaka kale.

Funsaninso ngati nsanjayo ingasunthidwe pang'ono. Nyali ziwiri zolozera mpita wa sitima zimayenera kukhala pamzere umodzi, ndiye sizisunthika wamba, koma yoima payokha nthawi zina imatheka. Musasaine chilichonse musanachimve m'chilankhulo chanu, ndipo kope lake likhale kwa inu.