Madzi amene sitima imalavula padoko: yankho kwa achimwene a thiraki ya ku Beira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amayendetsa thiraki pakati pa Blantyre ndi Beira. Akuti tsiku lina akudikira katundu padoko, anaona sitima yaikulu ikulavula madzi pambali pake ola lathunthu osaleka. Mnzawo wa komweko anawauza kuti madziwo ndi ochokera kutsidya kwa nyanja ndipo amabweretsa zamoyo zachilendo. Funso lawo lili pawiri: kodi n'zoona kapena ndi nkhambakamwa za padoko, nanga ngati n'zoona, chambo chathu chili pangozi?

Achimwene, mnzanuyo sananame, ngakhale madzi amene munaonawo akhozanso kukhala oziziritsira injini chabe, poti nawonso amatulukira m'mbali momwemo. Amene iye amanena ndi aja amalinyero amawatcha ballast.

Inu mukudziwa mmene thiraki yopanda katundu imavutira pamsewu wa zigwembe, ngolo ikungodumphadumpha kumbuyo. Pa sitima ndiye zimanyanya. Ikatsitsa katundu imayandama ngati chikho, chopalasira ndi tsigiro zimatulukira pamwamba pa madzi, ndipo mafunde akaimenya chammbali itha kupendekeka. Kale ankaipakira miyala ndi mchenga kuti ilemere. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, sitima zachitsulo zitachuluka, anaona kuti n'chapafupi kungopopa madzi a padoko n'kuwathira m'mathanki a pansi. Ikafika kumene ikukanyamula katundu, madziwo amawataya. Sitima yaikulu yonyamula malasha kapena miyala ya chitsulo imatha kusenza madzi otere oposa matani 50,000 ulendo umodzi. Ndiye ganizirani doko ngati la Nacala, kumene malasha a ku Moatize amafika atadutsa m'dziko mwathu pa njanji: sitima zimabwera m'mimba muli madzi okhaokha, n'kuwasiya pomwepo.

Musaganize za shaki kapena chilombo cha mano. Chimene pampu imameza ndi tinthu tosaoneka ndi maso: mazira a nsomba, tiana ta nkhanu ndi ta nkhono tongoyandama, ndere, ndi tizilombo toyambitsa matenda. Tambiri timafera m'njira, poti m'thanki ndi mumdima ndipo chakudya mulibe. Tina timafa tikangotayidwa chifukwa madzi a kuchilendoko ndi ozizira kapena amchere kwambiri. Koma sitima ndi zambiri, maulendo satha. Tsiku lina kamodzi kamapeza kuti kwatsopanoko nyengo ndi ngati ya kwawo, chakudya ndi cha mwanaalirenji, ndipo amene ankakadya kwawo kulibe. Timati mlendo ndi mame, koma uyu akafika amamanga nyumba ya malata.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya ku Black Sea, chifukwa nsomba imene inavutika kumeneko ikufanana ndi usipa. Ku Turkey amaitcha hamsi, ndipo ndi ndiwo ya aliyense. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'nyanjayo munapezeka kanyama kochokera kugombe la kum'mawa kwa America, dzina lake Mnemiopsis leidyi. Ukakanyamula m'manja kamangokhala ngati choyera cha dzira losaphika, koonekera mkati, kopanda fupa, kosaluma n'komwe. Koma kamodzi kokha kamatha kuswana popanda knzake, ndipo kamadya tizamoyo ting'onoting'ono tomwe hamsi imadya, n'kudyanso mazira ndi tiana ta hamsiyo. Pofika cha m'ma 1989 ndi 1990 asodzi ankakoka makoka odzaza ndi zoterera zokhazokha, usodzi wa hamsi n'kugwa chagada. Kunena chilungamo, nyanjayo inali itafooka kale ndi kusodza mopyola muyeso komanso zonyansa za m'mitsinje. Mlendoyo anapeza khomo lili pululu. Ndipo chimene chinadzachepetsa kanyamaka si boma lililonse ayi. Ndi kanyama kena, Beroe ovata, kamene kamadya anzake a mtunduwu, komwe kanatulukira m'nyanjayo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Ina ndi ya m'madzi opanda mchere. Mu 1988, m'nyanja ya St. Clair pafupi ndi mzinda wa Detroit ku America anapeza kankhono ka zigoba ziwiri kamizeremizere ngati mbidzi, kukula kwake ngati chikhadabo, kwawo kuli cha ku Black Sea ndi Caspian Sea. Amakatcha zebra mussel. Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira ofika 1 miliyoni pachaka. Timamatirira pa chilichonse cholimba, tina pamwamba pa tinzake, mpaka paipi yaikulu yokokera madzi kutsala kabowo. Mu December 1989 tauni ya Monroe ku Michigan inakhala masiku oposa awiri mipopi ili gwaa, nkhonozi ndi madzi oundana zitatseka paipi. Mpaka lero malo opangira magetsi ndi opopera madzi kumeneko amalipira anthu ndi kugula mankhwala chaka ndi chaka kuti mapaipi apume.

Lamulo lilipo, koma linabwera mochedwa. Bungwe la International Maritime Organization, lomwe likulu lake lili ku London, linagwirizana za pangano la madzi a ballast mu 2004, koma linayamba kugwira ntchito pa 8 September 2017, mayiko okwanira atasaina. Zaka 13 sitima zikungoyenda! Poyamba njira inali yosinthira madzi pakati pa nyanja, makilomita pafupifupi 370 kuchokera kumtunda, pamalo akuya mamita 200 kapena kuposa, poti zamoyo za pakatipo sizikhalitsa m'madzi a padoko. Koma kukhuthula mathanki nyanja itakalipa n'koopsa, ndipo matope otsalira pansi pa thanki amasungabe mazira. Choncho kuyambira September 2024 sitima za m'panganoli zikuyenera kukhala ndi makina oyeretsera: sefa kaye, kenako kuwala kopha tizilombo kotchedwa UV kapena kolorini. Muyeso wake ndi wakuti pa malita 1,000 aliwonse otayidwa, zamoyo zokulirapo zisafike 10, ndipo ngakhale kachilombo ka kolera kali ndi malire ake. Ine nkhawa yanga ili pa madoko a matope ngati Beira, kumene mtsinje wa Pungwe umathira. Madzi akakhala a chikasu, sefa imatsekeka msanga ndipo kuwala sikulowa bwino. Makina kukhalapo n'kwina, kuwayatsa ndi kupeza munthu wokatunga madziwo kukawayeza n'kwinanso.

Tsono za chambo. Sitima za panyanja yamchere sizifika ku Nyanja ya Malawi. Mathithi a Shire, kuyambira Kapichira kukwera mtunda, salola. Ilala inabwera kuchokera ku Scotland ili zidutswazidutswa, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo chiyambire ntchito mu 1951 madzi ake ndi omwewa. Ngakhale doko la Nsanje lija linatsegulidwa mu 2010 likanayenda bwino, mabwato ake akanathera kumunsi kwa mathithiwo. Ndiye pa ballast yeniyeniyo, gonani tulo.

Koma zebra mussel ija itafika ku America sinadikirenso sitima zikuluzikulu. Inafalikira m'nyanja za kumtunda pa maboti ang'onoang'ono okokedwa ndi galimoto, itamatirira kunsi kapena ili m'timadzi totsalira mu injini, poti pachinyezi imakhala masiku angapo osafa. Njira imeneyo ndiye kwathu ndi yotsegula. Ndipo mlendo wokana kuchoka tikumudziwa kale: namasupuni, wochokera ku South America, amene amaunjikana pa baraji ya Liwonde n'kumavutitsa makina a magetsi ku Nkula. Choncho tsiku lina akadzakupakirani boti logwirapo kale ntchito, injini yake, kapena makoka akale ochokera kunyanja ina kuti mukatule ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, suzumirani kunsi, tsegulani potulukira madzi, muuze mwiniwake alitsuke ndi kuliumitsa padzuwa masiku angapo lisanakhudze nyanja.