Amayi akuyamba kemo ku Lilongwe: mukonzekere zotani kunyumba?

Chemwali wina wa ku Nkhamenya, ku Kasungu, wanditumizira imelo. Amayi ake anawapeza ndi khansa ya m'mawere, anawachotsa bere lakumanzere, ndipo mwezi wamawa ayamba kemo (mankhwala a khansa olandira kudzera m'dripu) ku Kamuzu Central Hospital. Akufunsa kuti: "Gadiyani ndine. Tikonzekere chiyani? Anthu akutiopseza kuti mankhwalawo ndi amene amapha."

Achemwali, mbiri yoti kemo imapha inabuka chifukwa ambiri amafika kuchipatala khansa itafalikira kale, ndiye akamwalira mlandu umagwera dripu. Mankhwalawa ndi amphamvu ndithu, koma tsiku la dripu anamwino amakhala pafupi. Ntchito yanu yaikulu ili kunyumba, m'masabata atatu a pakatipo.

Amayi ambiri amayamba ndi mankhwala awiri, doxorubicin ndi cyclophosphamide, kamodzi pa masiku 21 aliwonse. Doxorubicin ndi wofiira, choncho mkodzo ukafiira tsiku loyamba kapena lachiwiri musadzidzimuke, si magazi.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi kutentha thupi. Kemo imagwetsa asilikali a m'thupi, makamaka kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 chilandirireni dripu, ndipo pa nthawi imeneyo matenda amene inu mungapite nawo kumunda angathe kuwagwetsa amayi m'maola ochepa. Gulani themomita ku famase musanagule china chilichonse. Ikafika pa 38, kapena akayamba kunjenjemera, musachite zimene tinazolowera kwathu kuno zothamangira pagolosale kukagula Panado n'kumati ndi malungo, tiona kukacha. Panado amaziziritsa thupi pomwe matenda akulowerera. Nyamukani usiku womwewo, ndipo mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti, "Akulandira kemo, dripu yomaliza inali tsiku lakutilakuti." Malungo ayeze, koma aonenso kuchuluka kwa asilikali m'magazi. Nambala ya munthu wa galimoto kapena wa njinga yamoto amene amayankha foni pakati pausiku ikhale nanu pasadakhale. Neti agonemo tsiku lililonse, ngakhale nyengo yotentha.

Za kudya, mankhwala oletsa kusanza amene adzawapatse azimwa pa nthawi yake, asadikire kuti ayambe kusanza kaye. Fungo la mafuta okazingira ndi utsi wa nkhuni zimautsa mseru, ndiye phikirani patali, chakudya mubweretse chitazizirako. Azidya pang'onopang'ono koma kangapo: phala lothira nsinjiro, mbatata yophika, dzira lopsa bwinobwino, nthochi. Akakana nsima musakangane nawo, masiku oyambawo chachikulu ndi kumwa madzi, owiritsa kapena othira Waterguard. M'kamwa mukatuluka zilonda azichukucha ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, ndipo tsabola ndi mandimu ziyambe zadikira.

Tsitsi limayamba kuthothoka pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo limameranso akamaliza mankhwala. Ambiri amameteratu n'kumavala duku kusiyana n'kumalitola pamtsamiro m'mawa uliwonse. Zikhadabo nazo zimatha kuda. Izi auzeni achibale zisanachitike, chifukwa kumudzi mayi akangokhala mpala nkhani ya kulodzedwa siichedwa, kenako mudzaona azakhali atulukira ndi botolo la zitsamba. Alandireni mwaulemu, koma botololo lisafike pakamwa pa amayi dokotala asanadziwe, popeza chiwindi ndi impso zili kale pa ntchito yaikulu. Ngati amamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, asasiye, koma madokotala a khansa adziwe.

Tsopano ya thiransipoti, imene imasiyitsa anthu ambiri mankhwala panjira. Kuchokera pa boma la Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, inu muwonjezerepo mtunda wochokera ku Nkhamenya, ndipo muli awiri. Dripu iliyonse isanaperekedwe amayamba ayeza magazi, ndipo akapeza kuti asilikali ndi ochepa amakubwezani kuti mudzabwere tsiku lina. Powerengera ndalama, ikanimo ulendo umodzi kapena iwiri yapadera. Ine ndimati banja likhale pansi msanga, aliyense atenge ulendo wake, uwu wa achimwene a ku Johannesburg, uwu wa amalume, osati kumayamba kuimba mafoni tsiku litakwana. Madeti onse alembedwe m'buku la kuchipatala, ndipo amayi akadzati "ndikupezako bwino, basi" itangotha dripu yachitatu, muwakumbutse kuti chiwerengero chimene ananena dokotala chiyenera kukwana.

Mkono wakumanzerewo, ngati anachotsanso tinthu ta m'khwapa timene timatupa munthu akakhala ndi mwanabere, muziwakumbutsa anamwino kuti jakisoni ndi kuyeza BP zikhale kumkono winawo. Ndowa ya madzi ndi khasu aziiwale kaye. Kuyendayenda pabwalo n'kwabwino, kumachepetsa kufooka, koma munda wawo chaka chino mufunire aganyu.