Wakuba tinamugwira m'nyumba, koma m'chitokosi muli amuna anga

FUNSO

A Malume, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala kuno ku Blantyre m'nyumba ya lendi. Usiku wa Lachinayi cha m'ma 2 koloko tinadzidzimuka ndi phokoso pabalaza. Amuna anga atatuluka anapeza mnyamata atadula kale zitsulo za pawindo, TV ili m'manja, chikwanje atachiika pampando. Anamumenya ndi mpini wa khasu paphewa n'kugwa. Ine ndinakuwa kuti "Wakuba!" ndipo aneba anadzaza pakhomo. Anamukokera panja n'kumumenya koopsa, ena ndi njerwa, mpaka wina anayamba kufunsa za tayala ndi petulo. Amene anaimbira apolisi ndi amuna anga omwewo. Mnyamatayo anamugoneka ku chipatala cha Queens.

Lachisanu m'mawa apolisi anaitana amuna anga kuti akapereke sitetimenti, ndipo sanabwerenso. Akuti mlandu wovulaza munthu. Lero ndi Lachitatu, kukhoti sanapite, ndipo wapolisi wina wandinong'oneza kuti ndipeze kangachepe kuti belo itheke. Kodi lamulo lili mbali ya akuba?

Mayi wa ana atatu, Blantyre

YANKHO

Pepani mayi. Ndiyambe ndi mawu amene simuwakonda: apolisi akhoza kumanga mwini nyumba ngati wakuba wavulala kwambiri. Koma kumangidwa si kupezeka wolakwa, ndipo mmene mwafotokozera, bambo ali ndi poimira.

Malamulo athu amalola munthu kudziteteza, kuteteza banja lake ndi katundu wake, bola mphamvu zimene wagwiritsa ntchito zifanane ndi choopsa chimene wakumana nacho. Munthu wathyola nyumba pakati pa usiku, chikwanje chili pomwepo, ana ali m'tulo chipinda chinacho. Mpini umodzi wa paphewa pamenepo ine sindikuona choudzudzula. Nkhani imatembenuka wakuba akagwa. Akagona pansi, kapena mukamumanga ndi chingwe, choopsa chatha, ndipo chibakera chilichonse chobwera pambuyo pake lamulo limachiwerenga ngati chilango. Kulanga ndi ntchito ya khoti. Munthu wamba amaloledwa kugwira wakuba, koma azimupereka kupolisi mosachedwa.

Ndiye mlandu wa bambo wagona pa funso limodzi: mabala amene agoneka mnyamatayo m'chipatala anabwera ndi mpini wa m'nyumba uja, kapena ndi njerwa za panja? Lipoti la dokotala lidzanena kumene kuli mabala ndi kukula kwake. Apa ndi pamene ndimadandaula ndi kafufuzidwe kathu. Gulu likamenya munthu, kukacha aliyense amati anali m'tulo, ngakhale uja amafunsa za petulo. Wotsala poyera ndi mwini nyumba, chifukwa nambala yake ndiyo inaimba foni ndipo pakhomo pake pakudziwika. Kumugwira iye n'kosavuta. Kufufuza amene anaponya njerwa n'kumene kumafuna thukuta.

Pa za masiku, apolisiwo aphonya. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994 aja, limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene amamva, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, apite tsiku loyamba limene khoti latsegula. Bambo anamangidwa Lachisanu, choncho Lolemba anayenera kuonekera pamaso pa majisitireti kapena kumasulidwa.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Kangachepe ameneyo ndi ziphuphu, ndipo mukapereka, inunso mwapalamula. Chimene chimafunika ndi anthu odalirika owaimira, okhala ndi chitupa cha unzika ndiponso malo odziwika. Valani bwino, tengani achibale awiri, mukapemphe kuonana ndi mkulu wa polisiyo, osati amene ali pakauntala. Mufunse mwaulemu kuti bambo apita liti kukhoti. Zikakanika, pitani ku Legal Aid Bureau, amene amaimira anthu osakwanitsa kulipira loya ndipo ali ndi ofesi mu Blantyre momwemuno. Bungwe la CHREAA nalonso limathandiza anthu a m'zitokosi ndi m'ndende. Za wapolisi wopempha ndalamayo mukhoza kukazitula ku Independent Complaints Commission, bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi lochokera mu lamulo la apolisi la 2010, kapena ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu.

Mukawaona bambo, muwauze kuti ali ndi ufulu wokhala chete mpaka atalankhula ndi loya, ndipo asasaine pepala limene sanawawerengere n'kulimva. Ambiri amadzipachika ndi mawu amodzi okha. Munthu amanena kuti "tinamumenya" akutanthauza mudzi wonse, papepala n'kulembedwa ngati wavomera mabala onse.

Musaiwalenso kuti milandu ndi iwiri. Mlandu wothyola nyumba uja kodi unatsegulidwa? Kafunseni, ndipo mulembe dzina la wapolisi amene akufufuza. Ndikudziwa kuti kugona windo lili pululu n'koopsa, ndipo a landilodi afuna kuitana wowotcherera msanga, koma yambani mwajambula pafoni zitsulo zodulidwazo, magalasi ndi pamene panagwera TV. Zidutswa za zitsulo sungani. Ngati chikwanje chikadali kwanu, chiperekeni kupolisi pali mboni. Pezaninso mneba mmodzi kapena awiri, kaya wa chitetezo cha m'dera, amene anaona bambo akuimba foni pamene ena ankamenya.

Ndipo muzifunsa za moyo wa mnyamatayo, ngakhale mtima ukukana. Akamwalira, mlandu umasanduka wakupha, belo ya kupolisi imatsekeka, ndipo imakapemphedwa ku High Court, bambo akudikira pa rimandi ku Chichiri. N'chifukwa chake ndikuti za loya ndi mboni muyambe mawa m'mawa, osadikira sabata yamawa.