Kuyeza khansa ya m'matumbo: chotopetsa kwenikweni ndi mankhwala otsuka m'mimba

Mayi, mwafunsa za bambo a kunyumba a zaka 56 amene alandira kabokosi koyezera khansa ya m'matumbo kochokera ku NHS (bungwe la boma la zaumoyo ku UK) pa positi, ndipo akukana kukatsegula poopa kuti akawalowetsa kamera, komanso mukufuna kudziwa njira yosavutitsa. Auzeni kuti m'kabokosiko mulibe za kamera. Dzina lake ndi FIT, kamafufuza magazi obisika m'chopondapo, ndipo ku England amatumizira aliyense wa zaka 50 mpaka 74 amene analembetsa kwa GP (dokotala wa banja), kamodzi pa zaka ziwiri.

M'kati muli kabotolo kokhala ndi kamtengo pachivundikiro. Ayale mapepala a kuchimbudzi ochindikala kapena aike kabakuli kakale kuti chopondapo chisagwere m'madzi. Akande pang'ono ndi kamtengoko mpaka timizere ta kunsonga titadzaza, abwezere m'botolo, atseke, alembe deti, atumize tsiku lomwelo kapena mawa lake. Sakuyenera kusala chakudya chilichonse, chifukwa FIT imafufuza magazi a munthu okha, osati a nyama imene wadya. Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi kuiwala deti ndi kudzaza botolo mopyoza muyeso. Zotsatira zimabwera pakatha milungu iwiri, ndipo mwa anthu 100, pafupifupi awiri okha ndi amene amaitanidwa kukayezedwanso. Ngakhale iwowo ambiri sapezeka ndi khansa. Matenda a mudzi kapena timinofu tomera m'matumbo totchedwa ma polyp timatulutsanso magazi osaoneka ndi maso.

Akaitanidwa ndi pamene kamera imabwera, colonoscopy. Anthu amaopa kachubu kolowera kotulukira chimbudzi, koma chimene chimatopetsa zedi ndi kukonzekera. Kutatsala tsiku limodzi kapena angapo, malinga ndi kalata ya chipatala, asiye zakudya zokhala ndi gaga ndi njere: nsima ya mgaiwa, nyemba, mtedza, masamba, matimati, buledi wabulauni. Njerezo zimatseka kapaipi koyamwira ka kamera. Adye mpunga woyera, mazira, nsomba, nkhuku yopanda khungu. Kenako amwe mankhwala otsegula m'mimba. Otchedwa Moviprep amakhala malita awiri, kuwonjezerapo lita imodzi ya madzi, pamene Plenvu ndi lita imodzi, kuwonjezeraponso lita ina ya madzi. Amakoma mchere mchere ndipo ena amachita nawo nseru, choncho muwaike mufiriji, azimwa pang'onopang'ono ndi kapaipi komwera. Apake Vaseline kumatako asanayambe, chifukwa maulendo a kuchimbudzi amachuluka mpaka khungu kusupuka. Chizindikiro chakuti m'mimba mwayera ndi chimbudzi cha madzi achikasu owonekera ngati mkodzo. Zakumwa zofiira kapena zapepo ayi, zimaoneka ngati magazi pa kamera. Wongomwa theka n'kusiya amadzivutitsa yekha, pakuti dokotala saona bwino, ndipo amamubweza kuti akayambirenso.

Pa mankhwala amene amamwa kale pali ngozi yeniyeni, ndiye musabise kanthu kwa namwino. Mapiritsi a iron amasiyidwa kutatsala sabata chifukwa amadetsa matumbo. Omwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena clopidogrel, odwala shuga ndi a vuto la impso amapatsidwa malangizo awoawo, asasiye mankhwala paokha.

Kuyeza kwenikweniko ndi mphindi 30 mpaka 45. Amapopera mpweya m'matumbo kuti atambasuke, n'chifukwa chake munthu amamva kupotokola, makamaka kamera ikamakhota. Angasankhe jakisoni woledzeretsa pang'ono kapena mpweya wokoka pakamwa wotchedwa Entonox. Akasankha jakisoni pamafunika womutenga, ndipo sayendetsa galimoto kwa maola 24. Entonox imatha msanga m'thupi. Phindu la colonoscopy n'lakuti polyp ikapezeka amaidula pomwepo isanasanduke khansa. Kuboola thumbo kumachitika, koma mwa apo ndi apo, osafika munthu mmodzi pa 1,000. Pakakhala kupweteka kwambiri m'mimba, kutentha thupi kapena magazi ochuluka akafika kunyumba, athamangire kuchipatala.

Amene thupi lawo silingapirire colonoscopy amawajambula m'matumbo ndi makina a X-ray, njira yotchedwa CT colonography. Kachubu kake n'kakafupi, kongolowetsera mpweya, ndipo munthu amagona chagada kenako chafufumimba kapena chammbali. Palibe kuledzeretsa, amapita kwawo yekha. Koma m'mimba amatsukabe, ndipo akaona polyp sangaidule, abwereranso ku kamera ija. Kunena zoona siipepuka monga anthu amaganizira. Ilipo njira ina ya kamera, flexible sigmoidoscopy, yoona mbali ya kumanzere yokha ya matumbo aakulu. Imangofuna mankhwala opopera kumatako tsiku lomwelo, koma ku England anasiya kuigwiritsa ntchito poyeza anthu onse.

Ndiye bambowo achite FIT, ndi ntchito ya mphindi zochepa pakhomo pawo. Chimodzi chokha muwafunse bwino: ngati akuona kale magazi m'chimbudzi, akuwonda popanda chifukwa, kapena kachitidwe ka chimbudzi kasintha kwa milungu itatu, asadikire zotsatira za kabokosi. Aimbire GP sabata yomweyi, ndipo atchule ngati kholo kapena m'bale wawo wa bere limodzi anadwalapo khansa imeneyi.