Kodi thonje lingachotse oilo m'madzi?

Funso: Akonzi, ndamva zoti thonje limatha kuyamwa oilo wotayikira m'madzi n'kusiya madziwo, ndi zoona zimenezi?

Yankho: Eee ndi zoona ndithu, koma likhale thonje losatsuka lija langothyoledwa kumene, chifukwa ulusi wake umakhala ndi kaphula kopyapyala kokana madzi pomwe oilo amangolowa n'kukakhazikika m'timipata tapakati pa ulusiwo, mukalivuula n'kulifinya oiloyo amatuluka. Thonje la kuchipatala lija ayi, analichotsa phula ndiye limamwa madzi omwe. Utuchi nawo umayamwa koma ukanyowa umamira, vuto lake ndi limenelo. Mu 2020 sitima yapamadzi ya MV Wakashio itataya oilo kuchilumba cha Mauritius anthu ankasoka matumba ataliatali n'kudzazamo masamba a nzimbe kuti atchinge oiloyo asafike kugombe.